Belu la Kamera Likakana Kuyaka, Kawirikawiri Imakhala Njala ya Magetsi

Belu la pakhomo lokhala ndi kamera, lomwe limaonetsa pa foni nkhope ya mlendo asananene odi, lilipo la mitundu iwiri: loyendera batire yochita kutchaja ndi lolumikiza ku mawaya. La mawaya ndi lomwe limadabwitsa eni ake. Munthu amalimangirira bwinobwino pakhoma, kuyatsa swichi, koma ilo lili duu, osaonetsa ngakhale kakuwala. Ambiri amafulumira kunena kuti agula chakufa. Koma nthawi zambiri belulo limakhala lamoyo ndithu, kungoti magetsi sakulifika, kapena akulifika operewera.

Gwero la vutoli lili m'mbiri ya mabeluwa. Kampani ya Ring, yomwe Jamie Siminoff adayambitsa ku America mu 2013 ndipo Amazon idagula mu 2018, pamodzi ndi Google yomwe idatulutsa Nest Hello mu 2018, zidapanga mabelu awo kuti azilowa m'malo mwa batani lakale pa mawaya omwe adali kale m'nyumba. Dongosolo lakalelo lili ndi zinthu zitatu: thiransifoma yaing'ono yotsitsa mphamvu ya magetsi, kabokosi kolira ka m'nyumba, ndi batani la pakhomo. Batanilo lidali swichi chabe. Magetsi ankayenda kwa sekondi imodzi pamene mlendo wadina, kenako zii mpaka tsiku lina. Belu la kamera silipuma. Usana ndi usiku limadyetsa kamera, Wi-Fi ndi maikolofoni, usiku n'kuwonjezera timagetsi toonera mumdima, zonsezo kudzera pa mawaya omwe sadaikidwire ntchito yotere.

Motero wofufuza vutoli amatsata magetsi kuchokera komwe achokera mpaka pakhomo. Asanatero, ndi bwino atsimikize kuti belulo lazimadi. Pulogalamu ya pa foni ikamanena kuti belu silikupezeka, mwina ndi rauta yomwe yazima kapena yatalikira. Belu lomwe likuonetsa kuwala kulikonse, ngakhale kothwanima, lili ndi magetsi, ngakhale akhoza kukhala operewera. Komanso mabelu ambiri a mawaya ali ndi kabatire kakang'ono m'kati, komwe kakaphweratu kamafuna mphindi zingapo, nthawi zina theka la ola, kasanadzutse belulo. Belu longomangidwa kumene, kapena lomwe lakhala nthawi yaitali magetsi atazima, liyenera kupatsidwa kaye mpata umenewo. Pambuyo pake ayang'ane pa bolodi la maswichi ngati palibe yomwe yagwa.

Pamene pagona nkhani ndi pa thiransifoma. Pathupi pake pamalembedwa manambala awiri, ya mavolti ndi ya VA. Yoyambayo imanena kukankha kwa magetsi, yachiwiriyo kuchuluka kwa katundu yemwe thiransifomayo ingasenze osafooka. Mabelu monga Ring Video Doorbell Pro amafuna mavolti 16 mpaka 24 a mtundu wa AC. Nyumba zakale za ku America zambiri zili ndi thiransifoma ya mavolti 10, kapena ya 16 koma ya 10 VA yokha, pomwe ku Britain zofala ndi za mavolti 8. Zimenezi zinkakwanira kuliza belu wamba. Kamera zimangoinyambititsa. N'chifukwa chake amisiri ambiri amaikapo ya mavolti 16 ndi 30 VA, kapena ya mavolti 24, malinga ndi zomwe kabuku ka belulo kalola.

Kuipeza kwake nakonso ndi ntchito, poti omanga ankaibisa: kudenga, m'galaja, kumbali kwa bolodi la maswichi, kapena, monga zimakhalira ku Britain, m'bolodi momwemo. Ikapezeka imayezedwa ndi multimeter yoikidwa pa mavolti a AC, pa tizitsulo tiwiri pomwe mawaya opyapyala atulukira. Ikaonetsa ziro pomwe magetsi akulowa, yafa. Zambiri zili ndi fyuzi ya m'kati yomwe imaduka ikatentha kwambiri, ndipo siikonzeka. Chonyenga ndi chakuti thiransifoma yopanda katundu imaonetsa nambala yoposa yomwe yalembedwa pathupi pake: ya 16 ikhoza kuonetsa 18 kapena kuposerapo, mwini wake n'kukhutira. Belu likangolumikizidwa, nambalayo imagwa. Muyezo wodalirika ndi wa pakhomo, belu lili cholumikizidwa. Mbali yotulukira magetsi ochepayi siiopsa kugwira, koma mbali yolowera ili ndi magetsi athunthu a m'nyumba, ndipo kusintha thiransifoma ndi ntchito ya mmisiri wa zamagetsi, swichi yaikulu itazimitsidwa.

Kabokosi kolira ndi malo achiwiri, ndipo anthu amakaiwala chifukwa kali phee pamwamba pa khoma. Magetsi onse opita ku belu amadutsa m'menemo. M'kati mwake mumakhala pomangira mawaya patatu, polembedwa Front, Trans ndi Rear. Waya umodzi ukamasuka pamenepo, pakhomo sipafika kanthu. Opanga mabelu amaika m'katoni kachipangizo kolumikiza m'kabokosimo, komwe Ring amakatcha Pro Power Kit, kuti magetsi odyetsa kamera azilambalala koilo yolizira. Kachipangizoka kakaiwalidwa kapena kakamangidwa polakwika, kabokosiko kamang'ung'udza kosalekeza, kamalira kokha popanda mlendo, kapena belu limakana kuyaka. Mitundu ina, monga Ring Video Doorbell Wired, imabwera ndi kawaya kafupi kolumphitsa kabokosiko kotheratu, kotero kuti sikaliranso ndipo mlendo amamvekera pa foni pokha.

Pali muyezo wakale wa amisiri wosafuna chida: kumasula belu ndi kukhudzanitsa mawaya ake awiri kwa kamphindi. Kabokosi kakalira, ndiye kuti thiransifoma, kabokosi ndi mawaya zonse n'zolumikizana. Muyezowu uli ndi msampha. Ngati kawaya kolumphitsa kaja kadaikidwa kale, kukhudzanitsako ndi shoti yeniyeni, ndipo kukhoza kupha thiransifoma yomwe inali bwinobwino. Ndiponso kulira kwa kabokosi kumangosonyeza kuti njira ilipo, sikutsimikiza kuti mphamvu ndi yokwanira kamera.

Mawaya enieniwo ali ndi matenda awo. Nsonga zamkuwa zomwe zakhala zaka panja zimada ndi dzimbiri, kapena zimapakidwa penti, ndipo zimafuna kudulidwa ndi kusendedwa mwatsopano. Zimamasuka, kapena kakhosi kake kamathyokera m'kati mwa pulasitiki. Makoswe amatafuna mawaya a kudenga. Pa magetsi a AC zilibe kanthu kuti waya uti wapita mbali iti, choncho kusinthanitsa awiriwo sikuchiza kalikonse. Utali ndiwo uli ndi kanthu: waya wopyapyala ukatalika, mavolti amatayikira m'njira.

Mfundo ya utaliyi imakhudza kwambiri nyumba za ku Malawi kuno. Nyumba zambiri za ku Lilongwe ndi ku Blantyre zilibe mawaya a belu ngakhale pang'ono, ndipo mlendo saima pachitseko koma pa geti, kugogoda ndi kamwala. Woika belu la kamera amayenera kukoka waya kuchoka m'nyumba mpaka kumpanda, nthawi zina mamita makumi angapo, ndipo mtundawo umafuna waya wokhuthalirapo woikidwa m'paipi. Chinanso ndi magetsi a ESCOM, omwe ndi mavolti 230. Adaputala kapena thiransifoma yomwe wachibale watumiza kuchokera ku America idapangidwira mavolti 120, ndipo ikalowetsedwa m'soketi ya kuno imapsa, pokhapokha ngati yalembedwa kuti imalandira onse awiri. Ya ku Britain kapena ku South Africa ilibe vutoli. Intakomu za pa geti nazo zimasokoneza: zambiri zimayendera magetsi a DC, ndipo mawaya ake sangangolandira belu lofuna AC.

Belu lomwe limayaka koma n'kuzima wina akangolidina limaloza kwina. Pa nthawi yodinayo, belu limapereka magetsi onse ku kabokosi kuti kalire, ilo n'kudalira kabatire kake ka m'kati. Kabatireko kakatopa, kapena ngati thiransifoma yofooka siinakadzaze, belu limakomoka n'kuyambiranso. Lozima usiku wokhawokha limakhala likulemedwa ndi timagetsi toonera mumdima. Lozima masana pakhoma lowombedwa ndi dzuwa la Okutobala likhoza kukhala likudziteteza ku kutentha, ndipo limadzuka lokha kukazizira.

Muyezo wotsiriza ndi kuchotsa belu pakhoma ndi kulilumikiza pafupi ndi thiransifoma yodziwika kuti ndi yabwino, pa mawaya afupiafupi. Kabuku kake kawerengedwe kaye, chifukwa mitundu ina imafuna resistor pakati ngati kabokosi kolira palibe. Likayaka pamenepo, vuto lili m'khoma kapena m'kabokosi. Likakhalabe duu pakatha theka la ola, ngakhale batani lake lobwezeretsa litadinidwa kwa masekondi pafupifupi 20, ndiye kuti lawonongekadi, mwina ndi madzi a mvula olowera kumbuyo, kapena ndi magetsi obwera mwamphamvu atazima. M'kati mwake mulibe chomwe munthu wamba angakonze, ndipo kulitsegula kumathetsa chitsimikizo cha opanga. Lisiti ndi nambala ya kumbuyo kwa belulo ndi zomwe wogulitsa adzafunse.