KUGULA GALIMOTO YA HYBRID: ZIMENE ANTHU A KU MZIMBA AYENERA KUDZIWA

Kale amuna a m'boma la Mzimba akapita ku Joni pa Wenela ankabwera ndi njinga, makina osokera, mabulangete ndi ndalama zogulira ng'ombe. Boma linaimitsa ulendo wa Wenela m'chaka cha 1974, ndege yonyamula anthu ochokera ku migodi itagwa ku Francistown, koma njira ya ku Joni sinamere udzu. Kufikira lero anyamata a ku Embangweni, Edingeni, Manyamula ndi Jenda akali kupita ku Johannesburg, Durban ndi Cape Town, ndipo akapeza ndalama ambiri afuna zinthu ziwiri, nyumba ya malata ndi galimoto. Aphunzitsi, alimi a fodya ndi a malonda a pa Jenda nawonso ali ndi mtima womwewo.

Tsono pakati pa magalimoto amene aoneka masiku ano pali ena aang'ono, a chitseko kumbuyo, amene atchedwa hybrid. Anthu awakonda chifukwa amwa petulo pang'ono. Zimenezi nzoona. Koma munthu amene agulitsa ng'ombe za m'khola la atate ake, kapena kutaya thukuta la zaka zisanu ku Joni, ayenera kudziwa bwino chinthu chimene ali kugula asanapereke ndalama.

Kodi hybrid nchiyani?

Galimoto ya hybrid ili ndi zinthu ziwiri zoiyendetsa: injini ya petulo monga ya magalimoto onse, ndi mota ya magetsi. Ziwirizi zithandizana monga ng'ombe ziwiri pa goli limodzi. Ponyamuka ndi poyenda pang'onopang'ono mota ikoka yokha, injini ili chete. Pokwera chitunda kapena pothamanga injini idzuka, ndipo zikoka zonse ziwiri. Mota itenga mphamvu ku batire lalikulu, ndipo batirelo lidzazidwa ndi injini yomwe, ndiponso ndi matayala pamene woyendetsa aponda mabuleki kapena atsika phiri. Chifukwa chake hybrid ya mtundu uwu silumikizidwa ku magetsi a ESCOM ayi. Munthu wa kumudzi kumene kulibe mawaya a magetsi akhoza kukhala nayo.

Kampani ya Toyota inayamba kugulitsa Prius ku Japan m'chaka cha 1997. Honda Fit ya hybrid inatuluka mu 2010, Toyota Aqua mu December 2011, ndi Nissan Note e-Power mu 2016. Iyi yotsirizayi isiyana ndi zinzake, pakuti injini yake siyendetsa matayala, ingopanga magetsi, ndipo mota yokha ndiyo iyendetsa galimoto.

Ubwino wake uli pa petulo

Mu November 2023 ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi magawo 44 pa 100, ndipo mwezi womwewo bungwe la MERA linakweza petulo kufika pa K2,530 pa lita. Kuyambira pamenepo mtengo wakweranso. M'zaka za 2022 mpaka 2024 petulo anasowanso kawirikawiri, kotero kuti anthu ankagona pa mizere.

Mwachitsanzo, mphunzitsi wamkulu amene ayenda makilomita 1,200 pa mwezi, ngati galimoto yake iyenda makilomita 12 pa lita, afuna malita 100. Ngati hybrid yake iyenda makilomita 20 pa lita, afuna malita 60 okha. Wapulumutsa malita 40, ndipo pa mtengo wa 2023 uja imeneyi inali K101,200 pa mwezi umodzi. Imeneyi si ndalama yochepa pa banja lolipira fizi ndi kugula feteleza.

Koma wogula asakhulupirire manambala onse amene ogulitsa anena. Pamene Aqua inayesedwa ku Japan inalembedwa kuti iyenda makilomita 35.4 pa lita, koma kuyesako kunachitika popanda katundu, matope kapena mchenga. Pa msewu weniweni nambala imeneyi itsika. Ndiponso hybrid ipulumutsa petulo kwambiri m'tauni ndi pa maulendo oimaima. Pothamanga pa msewu wa M1 kuchokera ku Jenda kupita ku Kasungu phindu lake lichepa, pakuti pamenepo injini ndiyo igwira ntchito yambiri.

Mtima wa galimoto ndi batire lalikulu

Hybrid ili ndi mabatire awiri. Laling'ono ndi la mavoti 12, lofanana ndi la magalimoto ena, ndipo likatha ligulidwa losavuta. Lalikulu ndilo lifuna maso. Mu Aqua yoyamba ija lili pansi pa mpando wa kumbuyo, lili ndi zigawo 20, ndipo mphamvu yake ndi mavoti 144. Mu Prius ya 2009 lili ndi zigawo 28, mavoti oposa 200.

Batire limeneli likalamba monga chinthu china chilichonse. Aqua yopangidwa mu 2012 yapitirira kale zaka khumi, ndipo ngati batire lake silinasinthidwepo, mphamvu yake siingafanane ndi ya poyamba. Batire likafooka galimoto iyamba kumwa petulo monga zinzake, ndipo likafa galimoto ikhoza kuima osadzukanso. Kugula lina kufuna ndalama zambiri, ndipo lichokera kunja. Apa ndi pamene anthu ambiri apusitsidwa: galimoto yowala utoto, mipando yoyera, wailesi yolira bwino, koma batire latha. Akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Zizindikiro za batire lofooka ndi izi: chizindikiro chake pa dashibodi chidzala msanga ndi kutsikanso msanga, injini ilira nthawi zonse osapumula, fani ya kumbuyo ilira kwambiri, galimoto ilephera pa chitunda, ndipo nyali yochenjeza iyaka. Ogulitsa ena asintha chigawo chimodzi chokha chimene chafa, nazimitsa nyali ija ndi kompyuta. Galimoto yotere iyenda bwino miyezi ingapo, kenaka chigawo china chifanso.

Misewu ya kumwera kwa Mzimba

Magalimoto awa anapangidwira misewu ya phula ya m'mizinda ya ku Japan. Mimba ya Aqua italikirana ndi nthaka pafupifupi masentimita 14 okha. Munthu wokhala pa Boma la Mzimba, amene maulendo ake ndi a ku Mzuzu podzera ku Chikangawa, kapena a ku Kasungu ndi Lilongwe, adzakondwera nayo. Koma munthu wa ku Khosolo kapena wa m'midzi ya kutali ndi msewu waukulu, kumene ngolo ndi malole akumba mikwasa yakuya, ayenera kuganiza kawiri. M'dzinja matope ndi mitsinje yodzala zidzamvuta, ndipo madzi akalowa m'galimoto mpaka pansi pa mipando afika pa batire lalikulu.

M'chilimwe mdani ndi fumbi. Batire lalikulu liziziritsidwa ndi fani imene ikoka mpweya pa kabowo ka pafupi ndi mpando wa kumbuyo. Fumbi likatseka kabowoko, kapena munthu akatsamiritsapo thumba la nyemba kapena la mbatatesi, batire litentha ndipo likalamba msanga.

Ndiponso hybrid yaing'ono si lole. Inapangidwira anthu asanu ndi katundu wochepa. Amene afuna kunyamula matumba a feteleza ndi madengu a matimati tsiku ndi tsiku achita bwino kufuna galimoto ya mtundu wina. Amene afuna kunyamula anthu olipira ayenera kutenga chilolezo chake ndi inshuwalansi yoyenera, pakuti inshuwalansi ya galimoto ya pakhomo siteteza anthu otere pa ngozi.

Yatsopano kapena yoyendapo kale?

Galimoto yatsopano igulidwa kwa ogulitsa ovomerezeka m'mizinda, ndipo ibwera ndi kalata yolonjeza kukonza ikawonongeka m'zaka zoyamba. Koma mtengo wake ngwa anthu owerengeka. Ambiri agula zoyendapo kale, ndipo njira zake ndi zitatu.

Yoyamba ndi kuitanitsa ku Japan. Galimoto ifika pa sitima ku doko la Dar es Salaam, iyendetsedwa kudutsa Tanzania, nilowa m'dziko pa chipata cha Songwe ku Karonga. Mtengo umene uoneka pa intaneti si mtengo wonse ayi. Pamwamba pake pali ndalama za sitima, za pa doko, za woyendetsa, za petulo, ndi msonkho wa bungwe la MRA. Msonkhowo uwerengedwa poona kukula kwa injini ndi zaka za galimoto, ndipo usintha chaka ndi chaka. Nkwabwino kufunsa ku ofesi ya MRA ndalama zisanatumizidwe, pakuti alipo anthu amene galimoto zawo zakhala pa chipata miyezi chifukwa chosowa ndalama za msonkho. Ndalama zitumizidwe kudzera ku banki, ku kampani yodziwika, osati kwa munthu wongodziwana naye pa WhatsApp kapena pa Facebook.

Yachiwiri ndi kugula imene ili kale m'dziko muno, ku Mzuzu kapena ku Lilongwe. Mtengo wake ukwererapo, koma wogula aiona ndi maso ndi kuiyesa.

Yachitatu ndi kugula kwa wobwera nayo kuchokera ku Joni. Apa pafunika kuchenjera. Galimoto ya nambala ya ku South Africa ilowa ndi kalata ya kanthawi chabe, ndipo iyenera kutulukanso kapena kulipiridwa msonkho. Wogula galimoto yotere msonkho usanalipidwe akhoza kulandidwa, nataya galimoto ndi ndalama zomwe.

Pa tsiku logula

1. Wogula apite ndi makaniko wodziwa hybrid, wokhala ndi kompyuta yoyezera. Kompyutayo ionetsa mphamvu ya zigawo za batire ndi zolakwa zimene zabisika. Makaniko asankhidwe ndi wogula, osati ndi wogulitsa.

2. Ayese galimoto ulendo wautali, wa theka la ola kapena kuposa, pa chitunda ndi potsika pomwe. Kuzungulira pa depoti sikukwanira.

3. Aone nambala ya chasisi pa galimoto, ngati ifanana ndi ya m'makalata.

4. Apemphe kalata imene galimoto inatulukira nayo ku Japan. M'menemo mulembedwa makilomita amene inali itayenda poyesedwa kumeneko. Ngati nambala ya pa dashibodi ili yochepa kuposa ya m'kalata, wina waibweza m'mbuyo.

5. Makaniko asuzumire pansi. Pa paipi ya utsi pali chitsulo chosefa utsi chimene anthu osakhulupirika achotsa ndi kugulitsa padera, chifukwa muli miyala ya mtengo wapatali.

6. Aone bulubuku, makalata a msonkho, COF ndi inshuwalansi. Galimoto yochokera kunja ifunikanso kalata ya apolisi yotsimikiza kuti si yobedwa.

7. Wogula ndi wogulitsa apite onse awiri ku ofesi ya Road Traffic kukasintha dzina la mwini wake. Asadalire madobadoba a panja pa ofesi. Ndalama yotsiriza iperekedwe dzina litasinthidwa, ndipo pakhale kalata ya mgwirizano ndi mboni ziwiri.

Kusamala galimoto itafika pakhomo

Mawaya okutidwa ndi mtundu wa lalanje anyamula magetsi okhoza kupha munthu. Makaniko wa pansi pa mtengo, ngakhale adziwe bwino injini za malole ndi za zigayo, asawakhudze ngati sanaphunzire ntchito ya hybrid.

Petulo asathe m'thanki. Woyendetsa akaumiriza galimoto kuyenda ndi magetsi okha, batire lalikulu likhoza kuphwa, ndipo ndilo lidzutsa injini. Hybrid silira ndi kukankha monga magalimoto akale. Ikawonongeka panjira isakokedwe ndi chingwe matayala a kutsogolo ali pansi; inyamulidwe pa lole. Petulo wa m'zigubu za m'mbali mwa msewu, amene nthawi zina asakanizidwa ndi madzi kapena parafini, apewedwe. Oilo akhale wopyapyala, wa nambala yolembedwa m'buku la galimotoyo, ndipo fani ya batire ichotsedwe fumbi nthawi ndi nthawi.

Hybrid iyenda mwakachetechete, kotero kuti ana, nkhalamba, mbuzi ndi nkhuku siziimva ikubwera. Woyendetsa achepetse liwiro polowa m'mudzi ndi pafupi ndi sukulu. Ndipo akaona mawu akuti READY pa dashibodi adziwe kuti galimoto ili moyo, ngakhale injini ili chete. Asatulukemo asanaike giya pa P ndi kuizimitsa.

Pali chinthu chinanso chokhudza makamaka a ku Joni. Ambiri agula galimoto pa Khirisimasi, naitsekera m'nyumba mu January, nabwerera ku ntchito chaka chathunthu. Hybrid ikakhala miyezi yambiri osalizidwa mabatire ake aphwa, ndipo makoswe adya mawaya. Nkofunika kusiya makiyi kwa munthu wokhulupirika wokhala ndi laisensi, kuti sabata iliyonse aziitulutsa panja ndi kuiliza pafupifupi ola limodzi. Ngati munthu wotere palibe, nkwabwino kudikira kugula kufikira mwini wake atabwerera kudzakhazikika kumudzi.

Galimoto ya hybrid ndi yabwino kwa munthu amene msewu wake uli wosalala, katundu wake ali wochepa, ndipo wasunga ndalama zina padera zokonzera ikavuta. Kwa wina imene ingamthandize ndi galimoto yaitali miyendo, njinga yamoto, kapena ngolo ndi ng'ombe zomwe ali nazo kale. Aphunzitsi ndi onse odziwa kuwerenga achita bwino kufotokozera anzawo zinthu zimenezi, ndi kuwalangiza kuti ayambe afunsa kwa eni magalimoto otere, kwa amakaniko ndi ku maofesi a Boma ng'ombe zisanatuluke m'khola. Safunsa anadya phula.