Madzi m'bondo: zoyambitsa, chithandizo ndi kuswali bondo likatupa

Ambiri mwa makolo athu amayamba kuzindikira vuto la bondo pa swala. Munthu amene wakhala akugwetsa nkhope pansi kwa zaka zambiri popanda vuto amapezeka kuti bondo latupa, lalemera, ndipo likukana kupinda pa sijida. Kuchipatala akamuuza kuti muli madzi, amaganiza kuti akangowapopa ndiye kuti wachira. Koma madziwo ndi chizindikiro chabe, ndipo amabweranso ngati chimene chawabweretsa sichinachizidwe.

Bondo lililonse lili ndi timadzi tochepa toterera tomwe timathandiza kuti mafupa asamakhulane. Bondo likavulala kapena kudwala, thupi limapanga madziwa mopitirira muyeso, ndipo amadzadza kathumba kamene kamakuta malo olumikizana mafupa.

Kwa achinyamata, kawirikawiri chimayambitsa ndi kuvulala: kupotokola bondo pampira, kugwa panjinga, kapena kuterereka pokoka ngalawa. Bondo likatupa pasanathe maola awiri chivulalireni, nthawi zambiri mumakhala magazi, zomwe zimasonyeza kuti mtsempha womanga mafupa waduka kapena fupa lasweka. Kwa akuluakulu ndi nyamakazi ya ukalamba, pamene kamnofu koterera kokuta mapeto a mafupa kaperepeseka. Palinso gout, yomwe imabwera mwadzidzidzi, makamaka usiku, ndipo imakonda kudzuka munthu akadya nyama yambiri ndi zam'kati monga chiwindi ndi impso. Amene ali ndi matendawa asamale masiku a Qurban. Amayi amene amagwada nthawi yaitali pokolopa amatha kutupa kutsogolo kwa bondo kokha. TB nayo imatha kulowa m'bondo n'kulitupitsa pang'onopang'ono kwa miyezi.

Choopsa kuposa zonsezi ndi tizilombo tolowa m'bondo n'kupanga mafinya. Bondo limatentha, limapweteka kwambiri ngakhale kulikhudza, munthu amalephera kuponda, ndipo nthawi zambiri thupi lonse limatentha. Mafinya amatha kuwononga bondo m'masiku ochepa chabe, munthu n'kulumala moyo wake wonse. Mukaona zizindikirozi pitani kuchipatala tsiku lomwelo, makamaka ngati wodwalayo ndi mwana, wa shuga kapena wa HIV. Mwana akamatentha thupi n'kumakana kuponda, musangoganiza malungo okha; muoneninso mawondo.

Bondo lotere musalitemere mphini. Ngakhale hijama musapange pamalo potupa ndi potentha. Madzi ali mkati mwa kathumba kotsekeka komwe kutema khungu sikufika, pamene chilonda chimatsegulira njira tizilombo. Kusisita mwamphamvu kapena kuthowa ndi madzi otentha kumangowonjezera kutupa.

Ngati kutupa n'kochepa, thupi silikutentha ndipo mukutha kuponda, yambirani kunyumba. Pumitsani mwendo, ndipo pogona ukwezeni pa pilo kuti bondo likhale pamwamba kuposa chifuwa. Kulungani ayisi m'nsalu n'kuika pabondo kwa mphindi 15 mpaka 20, katatu kapena kanayi patsiku. Ayisi akasowa, nsalu yonyika m'madzi ozizira a mumtsuko ithandizako. Mangani bandeji mosathinitsa. Panado amachepetsa ululu. Brufen amachepetsanso kutupa, koma amwedwe mutadya, ndipo sayenera kwa amene ali ndi zilonda zam'mimba, matenda a impso kapena amayi oyembekezera. Pakatha masiku atatu osasintha, kaonaneni ndi achipatala.

M'zipatala za maboma monga Mangochi, Salima ndi Nkhotakota mumapezeka ma clinical officer ophunzira za mafupa. Iwo amaunika bondo, kujambula X-ray ngati pakufunika, ndiponso kupopa madzi ndi jakisoni atatsuka bwino khungu. Kupopaku kumachepetsa ululu, komanso madziwo amaulula matenda: achikasu oyera amaloza ku nyamakazi, ofiira ku kuvulala, ndipo othimbirira ku mafinya kapena gout. Mafinya amafuna kugonekedwa, kulandira mankhwala opha tizilombo, ndipo nthawi zina kutsuka bondo ku theatre. Vuto likakhala lalikulu amatumiza ku Zomba, ku Queen Elizabeth ku Blantyre kapena ku Kamuzu Central ku Lilongwe.

Nanga swala? Chisilamu sichikakamiza munthu kudzipweteka. Mtumiki Muhammad (swalla Allahu alayhi wa sallam) analoleza wodwala amene sangathe kuimirira kuti aswali atakhala, ndipo ngati zimenezonso zakanika, atagona cham'mbali. Ma ulama amafotokoza kuti amene akutha kuimirira koma bondo likukana kupinda aimirire pamene angathe, ndipo pa sijida akhale pampando n'kuwerama, kutsitsa mutu kuposa mmene anachitira pa rukuu. Palibe chochititsa manyazi kukhala pampando mumzikiti, ndipo makomiti a mizikiti angachite bwino kusunga mipando ingapo, kumbali ya abambo ndi ya amayi yomwe. Za bandeji pa twahara funsani Sheikh wa kwanuko.

Kutupa kukaphwa, limbitsani minofu ya pantchafu, chifukwa ndiyo imachirikiza bondo. Gonani chagada, wongolani mwendo, ukwezeni pang'ono, werengani mpaka 5, kenako utsitseni pang'onopang'ono; chitani kakhumi m'mawa ndi madzulo. Kuyenda pamalo osalala kumathandiza kuposa kungokhala. Onenepa achepetse thupi, pakuti kilogalamu imodzi ikachoka, bondo limapepukidwa pafupifupi makilogalamu anayi pa phazi lililonse limene mwaponda.

Ana ndi adzukulu, mukaona agogo akuvutika kudzuka pa mkeka woswalira, musadikire kuti adandaule okha. Aoneni bondo, ligwireni ngati likutentha, ndipo muwaperekeze kuchipatala. Allah apereke shifaa kwa odwala athu onse. Ameen.