Kope lomwe limaulula pomwe mwana wasokera pa masamu

Mwana akalakwa samu, ambiri timangoti masamu ndi ovuta. Koma aphunzitsi ena amauza ophunzira kukhala ndi kope lapadera lolembamo m'mawu momwe aganizira posova samu.

Mwachitsanzo, mwana akalemba kuti 1/2 kuphatikiza 1/3 ndi 2/5, kungochonga kuti walakwa sikuonetsa gwero la vutolo. Akafotokoza m'kopemo kuti anaphatikiza manambala apamwamba paokha, apansinso paokha, mphunzitsi amadziwa poyambira kuti amufikitse pa 5/6.

Njirayi imapatsanso mwayi ana amanyazi omwe sakweza dzanja m'kalasi. Chovuta n'chakuti m'makalasi odzaza, kuwerenga makope onse kumadya nthawi.

Makolo, musadikire zotsatira za Maneb. Muuzeni mwana akuwerengereni zomwe walemba, mudzamva nokha ngati wamvetsa.