Mlamba ndi makumba m'damu limodzi: chibale kapena phwando?

Njanji yochokera ku Nkaya m'boma la Balaka imaoloka mtsinje wa Shire pa Liwonde, n'kudula boma la Machinga mpaka kukatulukira pachipata cha Nayuchi. Amene angaitsate mpaka kumathero akafika ku Nacala m'dziko la Mozambique, pagombe la nyanja yamchere ya Indian Ocean.

Pansi pa madzi a kumeneko pamapezeka zamoyo ziwiri zomwe munthu wa ku Ntaja kapena ku Utale angalumbire kuti ndi maluwa. China ndi korali, chinzake ndi anemone. Koma chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Ziwirizi si maluwa ayi, ndi nyama, ndipo zonse zili ndi timbola taululu.

Ku Ulaya, ku America ngakhalenso ku South Africa kuli anthu omwe amaweta zamoyozi m'mathanki agalasi m'nyumba zawo. Funso lomwe limawasowetsa tulo ndi lomwelo limene mlimi wa nsomba ku Machinga amadzifunsa akaima m'mbali mwa damu lake: kodi zamoyo ziwiri zomwe sizimwerana madzi zingakhale bwanji m'madzi amodzi?

Nkhondo ya m'galasi

Korali ndi tinyama ting'onoting'ono tomwe timakhala m'chigulu, ndipo mitundu yambiri imamanga chigoba cholimba ngati mwala wa laimu. Pomwe korali wamera ndi pomwepo, sasuntha. Anemone alibe chigoba. Ali ndi phazi limodzi lomata pamwala komanso timikono tambirimbiri tozungulira kamwa.

Vuto lagona pa phazi limeneli. Anemone akaona kuti kuwala kwachepa kapena madzi akumuomba kwambiri, amamatuka n'kuyamba kukwawa kufunafuna malo abwino. M'nyanja izi sizidandaulitsa aliyense poti malo ndi ambiri. Koma m'thanki, paliponse pomwe wadutsa amasiya makorali atapsa ndi mbola zake. Nawo makorali ena sangoyang'ana. Usiku amatulutsa timikono titalitali n'kumaluma chilichonse chomwe chayandikira.

Anemone woyendayenda amathanso kukodwa m'pampu yozungulitsa madzi. Akafera momwemo amaononga madzi onse, ndipo zomwe mwini thanki wasamala kwa zaka zimatha usiku umodzi. Paja ikaola imodzi zaola zonse.

Odziwa ntchitoyi sathamanga. Madzi amawasunga ndi mchere wokwana pafupifupi magalamu 35 pa lita imodzi, kutentha kwake pakati pa madigiri 24 ndi 26. Amadikira miyezi isanu ndi umodzi, ena chaka chathunthu, kuti thanki likhazikike asadaikemo anemone. Ambiri amamupatsa mwala wakewake wozunguliridwa ndi mchenga, amamusiya asankhe pokhala, kenaka n'kuika makorali patali. Pampu amaiphimba ndi sefa.

M'dziko muno mulibe nyanja yamchere, koma mathanki otere sali kutali ndi mbiri yathu. Mbuna za m'nyanja ya Malawi zimawetedwa m'magalasi padziko lonse. Malemu Stuart Grant adayamba kutumiza nsombazi kunja m'zaka za m'ma 1970 ndipo adakhazikika ku Salima. Mbuna nazo n'zandewu. Yaimuna ikasankha mwala wake sifuna inzake pafupi, n'chifukwa chake oziweta amaunjika miyala yambiri kuti yogonja ipeze kothawira.

Thanki la mlimi

Kwa mlimi wa ku Machinga ndi Balaka, nkhaniyi si yokongoletsa pabalaza. Ndi nkhani ya ndiwo, fizi ya ana ndi thumba la feteleza.

Nsomba zachilengedwe sizikudalirikanso ngati kale. Chambo cha m'nyanja ya Malombe, kumtunda kwa Liwonde, chidachepa kwambiri chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Nyanja ya Chilwa, yomwe mbali yake ili m'boma la Machinga, idaphwa mu 1968 ndi mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yaikulu idasanduka bwalo lamatope. Asodzi adagoneka mabwato pamtunda.

Apa ndi pomwe ulimi wa nsomba umalowera. Ulimiwu udayamba m'dziko muno m'zaka za m'ma 1950, ndipo malo aakulu a boma ochitirako kafukufuku wake ali ku Domasi, mtunda wochepa kuchoka m'malire a Machinga ndi Zomba. Nsomba zomwe alimi amaweta kwambiri ndi makumba, chilunguni, chambo ndi mlamba.

Makumba ndi chilunguni sizivutana kwenikweni chifukwa sizidyera mbale imodzi. Makumba amadya tizomera tosaoneka ndi maso tomwe timapangitsa madzi kubiriwira mlimi akathira manyowa, kuphatikizapo gaga. Chilunguni chimakonda masamba ofewa monga a mbatata ndi chinangwa. Mlimi woweta ziwirizi pamodzi amakolola kawiri m'madzi amodzi.

Koma makumba ali ndi khalidwe limodzi lomwe limalowetsa alimi pansi. Amayamba kuswana akadali aang'ono. Yaikazi imafungatira mazira ndi tiana take m'kamwa, choncho tambiri timapulumuka. Pakangotha miyezi yochepa, damu lomwe mudaikidwa nsomba ziwiri kapena zitatu pa mita iliyonse limakhala lodzaza ndi timakumba tolimbirana gaga yemweyo. Pofika miyezi isanu ndi umodzi, nthawi yokolola, khoka limatuluka lolemera koma ndi tinsomba tonga zala tomwe pamsika wa Liwonde kapena Balaka timagulidwa pamtengo wa matemba.

Mlonda wodya katundu

Mankhwala a vutoli, omwe akhala akuyesedwa m'maiko ambiri a mu Africa, ndi kuikamo milamba yochepa. Mlamba umadya tiana ta makumba, chiwerengero chimatsika, ndipo makumba otsalawo amakula bwino. Pamapeto mlimi amagulitsa makumba akuluakulu komanso milamba yonenepa, yaiwisi kapena yowamba.

Komatu kulemba fisi ntchito yolondera mbuzi kumafuna nzeru. Mlamba umadya chilichonse chomwe chingalowe m'kamwa mwake, ndipo kamwalo n'lalikulu. Umakula msanga kuposa makumba. Mlimi akaika mbewu ya mitundu iwiriyi tsiku limodzi, kapena akaika milamba yaikulu kale, mlondayo amayambira pa katundu yemwe adapatsidwa kuti ayang'anire. Tsiku lokolola mumatuluka milamba ingapo yonona, makumba osaoneka.

Milamba imadyananso yokhayokha. Pa tiana tobadwa tsiku limodzi pamapezeka tina tomwe timakula mothamanga n'kuyamba kumeza tinzake. N'chifukwa chake oswetsa milamba amaisankha pafupipafupi kuti yofanana msinkhu ikhale payokha.

Lamulo lake ndi lofanana ndi la thanki lija: choyamba kulowa chiyambe chakhazikika. Makumba alowe kaye ndipo akule kufika poti sangamezedwe. Milamba ibwere pambuyo, makumba atayamba kuswana, ndipo ikhale yaing'ono komanso yochepa kwambiri poyerekeza ndi makumbawo. Ikachuluka, tiana timatha ndipo njala imaitembenuzira kwa akuluakulu. Mlimi yemwe amadalira damu lomwelo kuti apeze mbewu ya chaka chamawa apatule makolo ena m'kadamu kapadera, apo ayi mlamba umudyera ndi mbewu yomwe.

Palinso china chomwe mlamba umafanana ndi anemone: sukhala pomwe wauika. Uli ndi chiwalo chouthandiza kupuma mpweya wa kunja kwa madzi, ndipo usiku wamvula umatha kukwawa paudzu wonyowa podzikankha ndi minga za m'mbali mwake. Utha kuthawa m'damu, komanso wa kumtsinje utha kulowa m'damu popanda woitana. Monga woweta anemone amaphimba pampu, mlimi amayenera kuika sefa pomwe madzi amalowera ndi potulukira, komanso kukweza makoma a damu.

Phunziro la ku Chilwa

Nyanja ya Chilwa imasonyeza kuti nsombazi zitha kukhalira limodzi. Mitundu itatu ndiyo imadzaza mabwato kumeneko: matemba, makumba ndi mlamba. Zakhala pamodzi kuyambira makedzana chifukwa nyanjayi yazunguliridwa ndi madambo aakulu momwe tiana timabisala. M'damu lopanda kanthu mulibe kothawira.

Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi, motero madzi ake ali ndi kamchere komwe kamakula nyanjayo ikamaphwa. Nthawi zoterozo nsomba zotsala zimathawira m'maiwe a mitsinje monga Domasi, Likangala ndi Phalombe, ndipo ndi zomwezo zimadzadzazanso nyanja mvula ikabwera. Mwa zitatuzi, mlamba ndiwo umapirira kwambiri madzi akachepa.

Kupirira kumeneku kuli ndi tanthauzo ku Balaka, boma lomwe limadziwika ndi mvula yochepa. Kumeneko madamu ambiri odalira mvula safika mwezi wa October ali ndi madzi okwanira. Madzi akamatsika n'kumatentha, makumba ndiwo amayamba kupuma movutika pamwamba m'mamawa, mlamba uli phee. Mlimi wa kumalo otere akolole makumba madzi asadafike poipa. Mnzake wa m'munsi mwa mapiri a Chikala ku Machinga, ngati ali ndi kamtsinje kosaphwa, ali ndi mpata wodikira.

Mlendo asalowe chisawawa

Si nsomba iliyonse yomwe ingaponyedwe m'damu. Boma lidaletsa kufalitsa nsomba yachilendo ya carp poopa kuti ingalowe m'nyanja ya Malawi n'kusokoneza nsomba zomwe sizipezeka kwina kulikonse padziko, ndipo lamulo la za nsomba limafuna chilolezo munthu asadabweretse mtundu wachilendo m'madzi a dziko lino.

Ngakhale mlamba wa pamtsinje wapafupi utha kubwera ndi tsoka. Mu 2020 ku Mchinji kudabuka matenda a zilonda za nsomba otchedwa EUS, omwe amagwira milamba ndi nsomba zina ndipo amayenda ndi madzi, makoka komanso nsomba zosamutsidwa. Woweta makorali amayamba wasunga chamoyo chatsopano m'thanki lapadera asadachiphatikize ndi zinzake. Mlimi naye ndi bwino agule mbewu kwa oswetsa odziwika, ndipo afunse mlangizi wa za nsomba wa m'dera lake asadasakanize mitundu.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Woweta anemone amadzuka m'mawa n'kuyang'ana ngati chiweto chake chasuntha usiku. Mlimi wa ku Nsanama kapena ku Ulongwe naye amayenera kufika padamu dzuwa lisadatuluke, aone mtundu wa madzi, aone ngati tiana tachuluka m'mbali, ndipo mwezi uliwonse aponye khoka kuti adziwe msinkhu wa milamba yake. Ukapezeka umodzi womwe wakula kuposa inzake yonse, umenewo usabwererenso m'madzi. Malo ake ndi mumphika.