Kuthamanga nao mpira kapena kupatsa mnzako?

Paliponse pamene pali mpira, kaya pa bwalo la sukulu kuno ku Chadiza, kaya pa wailesi ya kanema pamene Chipolopolo isewera, mumamva mau awiri otsutsana. Mnyamata akangolandira mpira, ena afuula kuti, "Pita nao iwe!" pamene ena ali, "Patsa mnzako, mpira si wako wekha!" Aphunzitsi a matimu akulu-akulu, amene amalandira malipiro a pamwezi, naonso amagona ndi funso lomweli, ndipo amene alephera kuliyankha nchito imawathera.

Ambiri timaganiza kuti mankhwala ake ndi kugawa pakati, theka kuthamanga, theka kupatsirana, monga ogawana thumba la fetelaiza. Ai, si tero. Ziwirizi zili ngati ng'ombe ziwiri pa joko limodzi: ina ikafooka, inzake nayo ikoka mokhota. Wosewera akathamanga ndi mpira kulunjika kwa ochinga kumbuyo, awiri amamuthamangira, ndipo pamenepo mnzake wina atsala yekha popanda womulonda. Timu ikamapatsirana uku ndi uku, ochinga amamwazikana, ndipo pakati pao patseguka njira ya munthu waliwiro. Koma timu yodziwa cinthu cimodzi cabe, adani aiwerenga msanga.

Taonani dziko la Spain, akatswiri a kupatsirana. Pa 6 December 2022, ku mpikisano wa dziko lonse ku Qatar, anakumana ndi Morocco. Pa mphindi 120 anapatsirana mpira koposa ka 1,000, koma mpira wolunjika pagolo anamenya umodzi wokha. Anyamata a Morocco anangobwerera kumbuyo, namanga mpanda, nawaleka azizungulira kunja monga mbuzi pa dimba lochinga bwino. Panasowa munthu wolimba mtima woti alowe ndi mpira pa mpandapo kuti ugwedezeke. Spain inatuluka pa mapenate.

Mbali inayo tiidziwa bwino ife eni ake, ndipo imawawa. Pa 28 July 2024, ku masewera a Olympic mumzinda wa Nice ku France, atsikana athu a Copper Queens anasewera ndi Australia. Barbra Banda anamwetsa cigoli mphindi yoyamba isanathe, ndipo tsikulo anamwetsa zitatu. Racheal Kundananji anaonjezera ziwiri. Kutatsala mphindi zopitirira pang'ono 30, Zambia inali patsogolo 5 kwa 2. Masewera anatha 6 kwa 5, opambana ndi Australia.

Inde, zina mwa zigolizo zinalowa cifukwa ca zolakwa za kumbuyo, ndipo palibe angatsutse. Koma funso nali: mpira unali kubwereranji kumbuyo kwathu kawiri-kawiri conco? Timu imene cida cake ndi liwiro imatumiza mpira kutsogolo msanga, ndipo ukatayika umabwerera msanganso. Ochinga sapuma. Pamene muli patsogolo ndi zigoli zitatu, kupatsirana kumasanduka mpumulo. Mpira ukakhala ku mapazi anu mphindi ziwiri, adani ndiwo athamanga, nthawi ikutha, ndipo golo lanu lili pa mtendere. Tsiku limenelo tinali ndi mikondo yakuthwa kuposa ya Australia, koma tinalibe pokhala pansi.

Nanga timu imene inakwanitsa zonse ziwiri ndi iti? Sitifunika kupita kutali. Chipolopolo ya mu 2012, pansi pa mphunzitsi Hervé Renard, inayamba mpikisano wa Africa pa 21 January ku Bata pokumana ndi Senegal ya Demba Ba, imene anthu ambiri anali kuiopa. Mphindi 25 zisanakwane, Zambia inali itamwetsa ziwiri. Cigoli caciwiri ndico phunziro lathu. Christopher Katongo anaponya mpira pakati pa ochinga, Rainford Kalaba anauthamangira, nazemba wapagolo, naulowetsa. Popanda diso la Katongo, liwiro la Kalaba likanapita pacabe. Popanda Kalaba kunyamuka, mpira wa Katongo ukanangogwera m'manja mwa wapagolo.

Onani bwino kuti Kalaba anayamba kuthamanga alibe mpira. Kumeneku ndiko kuthamanga kumene ife oonera sitiombera m'manja, cikhalireco ndiko kumene kumalumikiza ziwiri zija. Wopatsa sangapatse munthu woima ngati citsa.

Timu yomweyo sinasewere mofanana masiku onse. Pokumana ndi Ghana mu ndime yotsatizana ndi yomaliza, inapirira nthawi yaitali, Kennedy Mweene nagwira penate ya Asamoah Gyan. Emmanuel Mayuka analowa pambuyo ndi miyendo yatsopano, ndipo kutatsala mphindi ngati 12 anamwetsa cigoli cimodzi cimene cinakwanira. Pa 12 February ku Libreville cikho cinabwera kwathu titagonjetsa Ivory Coast 8 kwa 7 pa mapenate. Muyeso wa kuthamanga ndi kupatsirana unali kusintha malinga ndi mdani, nthawi yotsala ndi zigoli zimene zalowa, monga mlimi asintha tsiku lobzala poona mitambo, osati poona kalendala cabe.

Tsopano tibwere kwathu, cifukwa osewera a mawa acokera m'mabwalo a sukulu ndi a chalichi. Mipikisano yambiri ya m'midzi imacitika titakolola, nthaka itauma gwa. Pa bwalo la zikhutu-zikhutu, la maenje ndi njira ya ng'ombe pakati, mpira wopatsa pansi sufika kumene wautuma. Mwana akayesa kawiri nkusekedwa, aphunzira kuti cabwino ndi kuukumbatira yekha kapena kuumenya m'mwamba. Timati ana athu ndi odzikonda, pamene bwalo ndilo lawaphunzitsa. Ndipo ife akulu-akulu tionjezera, pakuti mnyamata akapita anthu atatu nataya mpira timamunyamula pa mapewa, koma wopatsa bwino palibe amchula dzina pobwerera kunyumba.

Mnyamata wotere akapita kukayesedwa ku timu ya mu ligi ku Chipata kapena ku Lusaka, apeza anzake aliwiro ngati iye ali mbwee. Cimene aphunzitsi ayang'ana ndi cakuti kodi adzutsa mutu asanalandire mpira.

Makomiti a acinyamata m'maparishi angathe kuyambapo popanda ndalama. Loweruka limodzi la makasu ndi ngolo ziwiri za dothi likwanira kukwirira maenje a pakati pa bwalo. Pa maphunziro, agaweni ana asanu kwa asanu pa malo ang'ono, ndi lamulo lakuti munthu asakhudze mpira koposa katatu. Pambuyo pake cotsani lamulolo pafupi ndi golo pokha, kuti waliwiro adziwe malo amene aloledwa kupita nao yekha.