Ntchito ya pamthunzi nayo imadwalitsa

Mwezi watha mayi wina anafika ku ofesi yanga kuno ku Kempton Park atatsogoza mwana wake wamkazi. Mayiyo ndi wakwathu, anabwera ku Joni kalekale, ndipo mwanayo anabadwira ku Tembisa. Mtsikanayu ndi tela panthambi ina ya banki kuno ku East Rand. Dokotala anali atamuyeza shuga, mtima ndi magazi, osapeza kanthu kupatula BP yokwererako. Koma tulo tinali titamuthawa, m'mimba munkamuotcha, ndipo Lamulungu lililonse dzuwa likamapendeka manja ankayamba kunjenjemera. Asanakhale n'komwe pansi, mayi akewo anati: "Aphungu, mundiuze zoona. Ine ndakolopa m'nyumba za anthu ku Edenvale zaka zonsezi, bambo ake amasenza simenti. Uyu amakhala pampando, pozizira bwino, yunifolomu yosita. Chikumutopetsa n'chiyani? Kapena alipo akumuchitira nsanje?"

Mayiwo sindinawaimbe mlandu, chifukwa anafunsa mwachikondi. Koma funso limeneli landitopetsa. Ndimalimva kwa makolo, kwa amuna a akazi odwalawo, ngakhalenso kwa mamanijala amene anaphunzira mpaka ku yunivesite. Onse amakhulupirira kuti ntchito imene situlutsa thukuta singadwalitse, ndipo amene akudandaula nayo ndi wamanyado kapena wofooka mtima. Limeneli ndi bodza, ndipo likuwononga ana athu.

Thupi likamva kuti pali choopsa limatulutsa adrenaline ndi cortisol, timadzi tomwe timathamangitsa mtima, kukweza shuga m'magazi ndi kuchotsa tulo kuti munthu athawe kapena alimbane nacho. Zimenezi n'zabwino ngati choopsacho chitha msanga. Wosenza simenti akaweruka, thumba limatsala pasayiti. Koma wa m'banki amapita nacho kunyumba, amagona nacho, m'mawa n'kudzuka nacho.

Mu 1979 katswiri wina wa ku America, Robert Karasek, anafotokoza chinthu chomwe ife timachitcha job strain. Tanthauzo lake ndi lakuti chodwalitsa kwenikweni si kuchuluka kwa ntchito pakokha, koma kuchuluka kwa ntchito pamene iwe ulibe mphamvu yosankha kalikonse pa kagwiridwe kake. Ku London, Michael Marmot ndi anzake anatsata ogwira ntchito m'boma kwa zaka zambiri pa kafukufuku wotchedwa Whitehall. Ambiri mwa iwo anali a m'maofesi, koma a maudindo apansi ndi amene ankafa kwambiri ndi matenda a mtima kuposa mabwana awo.

Tsopano taimani kuseri kwa galasi la tela wa kubanki tsiku lakumapeto kwa mwezi, kapena masiku amene agogo akulandira ndalama za SASSA. Mzere wafika pakhomo. Kompyuta ikuwerenga mphindi zomwe mwakhala ndi kasitomala aliyense. Kamera ili pamutu panu. Bambo wina wabwera wopanda pepala losonyeza komwe amakhala, lomwe banki imafuna potsatira malamulo a FICA, ndipo inu simungasinthe lamulolo ngakhale mukumumvera chisoni. Akukutukwanani anthu onse akumva, inu muyenera kumwetulira. Arlie Hochschild anazitcha zimenezi emotional labour m'chaka cha 1983, ataphunzira za operekera zakudya m'ndege, onga amene timakumana nawo pabwalo la ndege la OR Tambo pano: kulipidwa kuti nkhope ionetse zosiyana ndi zomwe zili mumtima. Kumeneko ndi kusenza ndithu, kungoti katundu wake saoneka. Madzulo ndalama za m'dirowa ziyenera kufanana ndi za m'kompyuta. Mukakhala ndi shoti, pali mafunso, pali kalata, pali kukayikiridwa.

Pamwamba pa zonsezi pali tageti. Wa panthambi masiku ano samangowerenga ndalama, amayeneranso kugulitsa: akaunti zatsopano, ngongole, inshuwalansi ya maliro. Mtsikana uja anandiuza kuti chomwe chinkamusowetsa tulo si kutukwanidwa ayi, koma kukopa amayi a msinkhu wa amake kuti atenge ngongole imene iye ankaona kuti idzawatsamwa. Kumene tageti ingafikitse anthu tinakuona ku America mu 2016, pamene banki ya Wells Fargo inalipitsidwa madola 185 miliyoni chifukwa antchito ake ankatsegula maakaunti m'maina a makasitomala iwo osadziwa. Antchito pafupifupi 5,300 anachotsedwa. Kodi onsewo anabadwa akuba? Ine ndimaona anthu opanikizidwa mpaka chikumbumtima kugonja.

Ndiye pali mantha a mawa. Mu Malichi 2019 Standard Bank inalengeza kuti itseka nthambi 91, ndipo ntchito pafupifupi 1,200 zinali pachiswe, chifukwa anthu ambiri ayamba kugwiritsa ntchito foni m'malo mopita kunthambi. Chaka chomwecho Sasbo, bungwe loimira ogwira ntchito m'mabanki, inakonza sitiraka ya pa 27 Sepitembala, koma khoti la zantchito linailetsa. Tela aliyense amadziwa kuti akamaphunzitsa kasitomala kutumiza ndalama pa app, akuphunzitsa munthu kuti asadzamufunenso. Ndipo kwa mwana wa Mmalawi, malipiro amenewo si ake yekha. Alipo renti, ilipo fizi ya ang'ono ake, ilipo ya pa Mukuru yopita kumudzi. Iyeyo ndiye amene banja limaloza likafuna kunena kuti ulendo wa ku Joni sunapite pachabe. Angauze ndani kuti watopa?

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi yankho lomwe makampani ambiri amakonda. Amakonza tsiku limodzi pachaka, kuika tebulo la zipatso, kuyeza anthu BP, kuitana wina wodzalankhula za resilience, kutanthauza kulimba mtima pamavuto. Lolemba lake tageti ili pomwepo, antchito akadali ochepa, manijala wolalata akadalalatabe. Kumeneko ndi kuthira mankhwala pachilonda minga ili m'kati. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO, pofotokoza burnout mu 2019, linanena kuti imachokera ku kupsinjika kwa pantchito komwe kwakhala nthawi yaitali osathetsedwa. Zizindikiro zake ndi kutheratu mphamvu, kuyamba kuipidwa ndi ntchito ndi anthu ake, ndi kulephera zomwe kale unkazichita bwino. Gwero lili pantchito. Lamulo la dziko lino la Occupational Health and Safety Act la 1993 limaika pamutu pa wolemba ntchito udindo woonetsetsa kuti malo antchito sakuwononga thanzi, ndipo kuyambira 2022 pali ndondomeko ya boma yomwe imatchula kuzunza ndi kunyoza antchito ngati khalidwe loyenera kuthetsedwa.

Nanga wodwalayo achite chiyani? Zimasiyana munthu ndi munthu, koma yambani ndi kuchipatala, chifukwa chithokomiro ndi kuchepa kwa magazi nazo zimatha kuoneka ngati nkhawa. Ogwira masiku asanu pamlungu ali ndi masiku 30 a tchuthi chodwala cholipidwa pa zaka zitatu zilizonse, ndipo mukajomba kupitirira masiku awiri otsatana pamafunika kalata ya dokotala. Mabanki akuluakulu ali ndi EAP, uphungu waulere wa antchito. Umayenera kukhala wachinsinsi, komabe funsani poyambirira zomwe bwana adzauzidwe. Lembani masiku ndi mawu a zomwe zikukuchitikirani, ndipo lankhulani ndi woimira bungwe la antchito musanalembe kalata yosiya, chifukwa kusiya mutapsa mtima kumatsekereza njira zambiri. Mukachotsedwa, ku CCMA, yomwe ili ndi ofesi ku Benoni, muli ndi masiku 30 okha okadandaula. Maganizo odzipha akafika, musadikire mawa: imbani SADAG pa 0800 567 567.

Mtsikana uja anapatsidwa milungu iwiri yopuma, ndipo tikuonanabe. Tageti yake sinasinthe, choncho sindinganene kuti nkhani yatha. Chomwe chasintha ndi chakuti amake anasiya kufunafuna wansanje, ndipo anayamba kumufunsa za tsiku lake akaweruka.

Inu makolo a ku Tembisa, Daveyton, Katlehong ndi Vosloorus, mwana wanu wa m'banki akati watopa, musamuwerengere zaka zomwe inu mwakolopa. Mukhazikeni pansi, mumumve, ndipo mumuperekeze kuchipatala.