WOPHUNZIRA ZA NYAMA ZAKUTHENGO ATETEZANSO UMOYO WA BANJA

Makolo ambiri a m'makomboni, mwana wao akapambana mayeso a Giredi 12, amafuna kuti akhale dokotala, nasi, loya kapena injiniya. Mwana akanena kuti afuna kukaphunzira kasungidwe ka nyama zakuthengo ku yunivesiti, ena amaona ngati ndalama zonse za sukulu zapita pacabe. Iwo amaganiza kuti imeneyi ndi nchito yongoyenda ndi mfuti m'thengo kapena yoonetsa alendo njobvu ndi mikango.

Maganizo amenewa ndi olakwika. Akatswiri a zaumoyo anapeza kuti mwa matenda 10 opatsirana amene amagwira anthu, 6 amacokera ku nyama. Mwa matenda atsopano amene abuka masiku ano, atatu mwa anai alionse amacokeranso ku nyama. Motero munthu wodziwa umoyo wa nyama zakuthengo ndiye angathe kuona bvuto lisanafike pa cipatala.

Dziko la Zambia liri ndi malo aakulu osungirako nyama okwanira 20, ndiponso madera 36 ozungulira malowa kumene anthu amakhala pamodzi ndi nyama. Anthu a m'maderawa ndi abale a anthu a m'tauni. Amacezerana, amatumizirana cakudya, ndipo matenda nao amayenda pa mseu womwewo.

ZIMENE ZINACITIKA KU LUANGWA

Matenda a anthrax ndi citsanzo coonekeratu. Tizirombo ta matendawa timabisala m'nthaka kwa zaka makumi ambiri osafa. M'nyengo ya cilimwe, madzi akacepa mu mtsinje, mvuu zimaunjikana m'maiwe ocepa ndi kudya udzu waufupi pamodzi ndi dothi. Apa ndi pamene matenda amabuka.

M'caka ca 1987 mvuu zoposa 4,000 zinafa ndi anthrax m'cigwa ca Luangwa. M'caka ca 2011 matendawa anabukanso m'boma la Chama. Mvuu zoposa 80 zinafa, anthu oposa 500 anadwala ndipo asanu anamwalira. Ambiri mwa odwalawo anali atasenda, kunyamula kapena kudya nyama ya mvuu zimene anazipeza zitafa zokha.

Ofufuza atafunsa anthu a m'midzi imeneyo, pafupifupi munthu mmodzi mwa anai ananena kuti angadyenso nyama yotere ngakhale adziwa kuopsya kwace, kaamba ka njala ndi kusowa ndiwo. Ici cionetsa kuti mankhwala okha sangathetse bvutoli. Pafunika anthu odziwa nyama, odziwa nthaka ndi madzi, ndiponso odziwa kukambirana ndi mafumu ndi anthu ao.

M'caka ca 2023 anthrax inabukanso, kuyambira ku Sinazongwe m'cigawo ca Kumwera. Pofika mwezi wa Novembala, anthu oposa 600 anali ataganiziridwa kuti ali ndi matendawa m'zigawo 9 mwa zigawo 10 za dziko lino. Ng'ombe, mbuzi ndi mvuu zinafa, ndipo boma linaletsa kuyendetsa ziweto ndi nyama m'madera okhudzidwa.

NYAMA YA M'CIKWAMA

Anthu a m'tauni angaganize kuti nkhani ya mvuu siwakhudza. Koma m'makomboni mumayenda anthu ogulitsa nyama yakuthengo youmika, yobisidwa m'zikwama ndi m'masaka, pa mtengo wotsika. Wogula sadziwa ngati nyamayo inaphedwa iri yamoyo, inafa ndi matenda kapena inadya poizoni.

Kuyanika nyama pa dzuwa, kuiwamba pa moto kapena kuithira mcere sikupha tizirombo ta anthrax. Ndiponso munthu angatenge matendawa asanadye nkomwe, pogwira ndi kudula nyamayo.

Anthrax imagwira munthu m'njira zitatu. Yofala kwambiri ndi ya pa khungu. Imayamba ngati kacotupa koyabwa konga kulumidwa ndi udzudzu, pa dzanja, pa mkono, pa khosi kapena kumaso. Pakapita masiku owerengeka pamacita thuza, kenaka cilonda cakuda pakati ngati khala. Cilondaco sicipweteka kwenikweni, koma malo ozungulira amatupa kwambiri.

Yaciwiri ndi ya m'mimba, imene imabwera munthu akadya nyama yodwala. Wodwala amamva malungo, amasanza, m'mimba mumapweteka ndipo angatsegule m'mimba mwa magazi. Yacitatu ndi ya m'mapapo. Ziwiri zomalizazi zimapha msanga.

Matendawa amacizika ngati wodwala afika msanga ku kiliniki. Madokotala amagwiritsa nchito mankhwala monga penicillin, doxycycline ndi ciprofloxacin. Cilonda sicifunika kucifinya, kucitemera kapena kupakapo phulusa. Wodwala auze a cipatala zoona za nyama imene anagwira kapena kudya, ngakhale inali yogulidwa mobisa. Kubisa kumacedwetsa thandizo.

KAODZERA NDI CIWEWE

Matenda ena ocokera kuthengo ndi kaodzera, amene amafalitsidwa ndi nchenche zoluma zochedwa kashembe kapena tsetse. Mtundu woopsya wa matendawa unadziwika koyamba m'caka ca 1910, m'magazi a munthu amene anautenga m'cigwa ca Luangwa. Tizirombo tace timakhala m'magazi a nyama monga mbawala, ndipo nyamazo sizidwala.

Kaodzera amayamba ngati malungo: thupi kutentha, mutu kuwawa ndi kuphwanya m'mfundo. Nthawi zina pamalo polumidwa pamakhala cotupa copweteka. Tizirombo tikafika ku bongo, wodwala amagona usana, usiku osapeza tulo, ndipo maganizo amasokonezeka. Popanda mankhwala munthu amamwalira m'masabata kapena m'miyezi yocepa.

Munthu amene wabwera kucokera ku madera monga Chama, Mambwe, Rufunsa kapena ku Kafue, ndipo thupi likutentha koma malungo sanapezeke m'magazi, ayenera kuuza a cipatala kumene anali. Mau amenewa ndi amene angacititse kuti magazi apimidwenso pofunafuna kaodzera.

Ciwewe naco cimayenda pakati pa thengo ndi mudzi. Nkhandwe zimatha kupatsirana matendawa ndi agalu, ndipo agalu ndiwo amaluma anthu, makamaka ana. Wolumidwa atsuke balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, ndi kupita ku cipatala tsiku lomwelo kukalandira katemera. Zizindikiro za ciwewe zikayamba kuoneka, palibenso mankhwala opulumutsa munthu.

KODI AMAPHUNZIRA CIANI?

Wophunzira za nyama zakuthengo amayamba ndi sayansi: za zamoyo, za kemisitiri ndi masamu. Pambuyo pace amaphunzira makhalidwe a nyama, cakudya cace, kaswanidwe kace ndi matenda ace. Amaphunzira kuwerenga nyama, poyenda pansi kapena ali m'ndege, ndi kudziwa kuti malo akuti angathe kusunga nyama zingati.

Kuwerenga kumeneku sikongosangalatsa alendo. Nyama zikaculuka kuposa msipu ndi madzi, zimafooka ndipo matenda amafala msanga. Zimalowanso m'minda ya anthu, kuononga cimanga ndi kubweretsa njala imene imakakamiza anthu kudya nyama yofa yokha.

Amaphunziranso kujambula mapu pa kompyuta oonetsa malo amene matenda amabukira kawirikawiri, malamulo a dziko okhudza nyama, ndi njira zogwirira nchito pamodzi ndi makomiti a m'midzi oyang'anira zacilengedwe.

Nyama ikapezeka itafa mwadzidzidzi, itatupa, magazi akuda osaundana akuturuka m'mphuno, m'kamwa ndi kumbuyo, wophunzitsidwa amadziwa kuti mtembowo sayenera kuutumbula. Kuutumbula kumamwaza tizirombo m'nthaka. Iye amaitana madokotala a ziweto, amatenga magazi pang'ono kukapimitsa, amaonetsetsa kuti mtembowo watenthedwa kapena kukwiriridwa m'dzenje lakuya, ndipo amacenjeza kiliniki yapafupi. Cenjezo la tsiku limodzi lotere lingapulumutse mudzi wonse.

Pa nkhani ya kashembe, amadziwa kumene nchenchezi zimaswana ndi pamene payenera kuikidwa nsalu za buluu ndi zakuda zothira mankhwala, zimene zimakopa kashembe ndi kumupha. Amadziwanso kufunika kwa miimba, mbalame zimene zimadya nyama zakufa ndi kuyeretsa thengo. Opha nyama mopanda cilolezo akathira poizoni pa mtembo, miimba imafa yambiri nthawi imodzi ndipo mitembo imakhalitsa pa mtunda.

Masiku ano Unduna wa Zaumoyo, madokotala a ziweto ndi osunga nyama zakuthengo amagwirira nchito pamodzi pa matenda otere. Njira imeneyi imachedwa One Health, kutanthauza kuti umoyo wa anthu, wa nyama ndi wa malo okhalamo ndi umodzi.

KUMENE MAPHUNZIROWA APEZEKA

Yunivesiti ya Copperbelt ku Kitwe, imene inakhazikitsidwa m'caka ca 1987, imapereka digiri ya kasamalidwe ka nyama zakuthengo pa sukulu yace ya zacilengedwe. Amene afuna kukhala dokotala wa nyama amapita ku Yunivesiti ya Zambia ku Lusaka, pa sukulu ya Samora Machel, kumene maphunziro amatenga zaka zisanu ndi cimodzi.

Kunja kwa dziko lino kuli koleji yochuka ya Mweka, m'tsinde mwa phiri la Kilimanjaro ku Tanzania. Inatsegulidwa m'caka ca 1963 ndipo yaphunzitsa osunga nyama ocokera m'maiko ambiri a mu Africa.

Mwana wofuna njira imeneyi ayenera kulimbikira Cingelezi, masamu ndi maphunziro a sayansi, makamaka bayoloje, asanafike pa mayeso omaliza. Mabanja osowa angafunsire ngongole ya maphunziro ku bungwe la boma la Higher Education Loans and Scholarships Board, mwana akapatsidwa malo pa yunivesiti.

Otsiriza maphunziro amagwira nchito ku dipatimenti ya boma yoyang'anira nyama zakuthengo, imene inatenga malo a ZAWA potsatira lamulo la m'caka ca 2015. Ena amalembedwa nchito ndi mabungwe oteteza zacilengedwe, mafamu oweta nyama zakuthengo, makampani olandira alendo, kapena amacita kafukufuku. Atsikana nao amaloledwa mofanana ndi anyamata.

Makolo adziwe kuti nchito imeneyi si yofewa. Malo ogwirira nchito ali kutali ndi tauni, misewu imabvuta m'dzinja, ndipo nchito siipezeka msanga kwa aliyense. Kuthengo kuli malungo, kashembe, njoka ndi anthu opha nyama okhala ndi mfuti. Wopita kumeneko afunika neti yogonamo, nsapato zotseka, zobvala zamanja aatali zosakhala za buluu kapena zakuda, ndiponso katemera wa ciwewe ngati adzagwira nyama ndi manja.

ZOYENERA KUCITA PA BANJA

Si banja liri lonse limene lidzatumiza mwana ku Kitwe kapena ku Lusaka. Koma banja liri lonse lingathandize nchito ya anthu ophunzirawa.

Nyama igulidwe m'mabuchala ndi m'misika yobvomerezeka, kumene imapimidwa ndi oyang'anira zaumoyo. Nyama yakuthengo yololedwa imagulitsidwa ndi anthu okhala ndi cilolezo ca boma. Yopanda cilolezo ingabweretse matenda m'nyumba, ndiponso kupezeka nayo ndi mlandu.

Mbale wakumudzi akatumiza nyama youmika, mai wa pa nyumba afunse kuti inafa bwanji. Nyama yofa yokha, kaya ndi mvuu, njati, ng'ombe kapena mbuzi, isadyedwe, isagulitsidwe ndipo isapatsidwe kwa agalu. Cikumba cace naco cisagwiritsidwe nchito.

Oweta ng'ombe m'madera a anthrax azibayitsa ziweto zao katemera caka ciri conse, ndipo galu aliyense wa pa nyumba alandire katemera wa ciwewe. Nyama zikayamba kufa mosadziwika bwino, nkhani ifike msanga kwa a vetenale, kwa osunga nyama kapena ku kiliniki.

Mwana amene aonetsa cidwi pa mbalame, mitengo ndi nyama asanyozedwe. Masukulu ambiri ali ndi makalabu a Chongololo, amene akhala akuphunzitsa ana za cilengedwe kuyambira m'zaka za m'ma 1970. Makolo amulole kulowa kalabu yotere, ndipo afunse aphunzitsi za maphunziro amene mwanayo ayenera kusankha pofika ku sekondale.